Zipinda Ziwili Zimene Sindinamange

Akulu anga atamwalila mu 2021, alamu anandipatsa laputopu yao. Anati: “Tengani ndinu, alamu. Muli mau a amai anu mmenemo.”

Zinali zoona. Pa holide iliyonse akulu anga anali kupita kumudzi ku Katete, n'kukhala ndi amai pamphasa, n'kuwajambula mau pamene anali kufotokoza za mtundu wathu: amene anabala uje, kumene agogo anacokela, ndi mmene dimba la kumtsinje linakhalila lathu. Amai anatisiya mu 2018. Mafaelo 43 amenewo ndiwo mau ao okha amene anatsala, ndipo onse anali m'laputopuyo, pa D:.

Ine ndine mphunzitsi kuno ku Chipata. Kompyuta ndimaidziwa polemba mayeso ndi kuwelengetsa malikisi, basi. Mu January 2024 inayamba kundivuta. Apudeti ina ya Windows 10, yochedwa KB5034441, inali kukana kulowa, ndipo nthawi iliyonse panali kutuluka nambala imodzimodzi: 0x80070643. Nditafufuza, ndinamva kuti apudetiyo inali yotseka mpata umene mbava ingadzele pofuna kulambalala loko ya BitLocker, ndipo inali kufuna malo opanda kanthu okwana 250 MB m'kacipinda ka diski kochedwa recovery partition.

Ndinatsegula Disk Management. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti diski ili ngati nyumba yogawidwa zipinda. C: ndi D: ndinali kuzidziwa. Koma panalinso tuzipinda tuwili topanda cilembo, tonse tolembedwa Recovery: kena ka 300 MB kumayambililo kwa diski, kena kokulilapo pang'ono pakati pa C: ndi D:. Ndinati mumtima, ziwili za ciani? Ndifafanize cimodzi, cinzake cipeze malo. Nditadina kumanja kwa mausi, panatuluka liu limodzi cabe: Help. Kompyuta inali kundikaniza, koma ine ndinaona monga ikundidelela.

Usiku wina mu April ndinatsegula diskpart, mmene mulibe zithunzi koma malamulo olemba cabe. Ndinalemba list partition, panabwela manambala. Ndinasankha imodzi. Ndinali nditalemba kale delete partition override, cala cili pamwamba pa Enter, pamene magetsi anathima. Cinali caka ca cilala cija, madzi atacepa ku Kariba. Batili ya laputopu inali yakufa kale, conco inazima pamodzi ndi nyumba yonse. Nditakhala mumdimamo ndinadzifunsa: kodi nambala ija ndasankha inali ya cipinda citi? Sindinathe kuyankha. Tulo sindinatione.

M'mawa ndinapita nayo kumsika wa Kapata, kwa mnyamata amene ndinamuphunzitsa Giledi 9, amene lomba amakonza mafoni ndi makompyuta. Ndinamufotokozela zonse. Sanaigwile n'komwe laputopuyo.

“Aphunzitsi, mau a agogowo muli nao kwina?”

“Iyai, mwanawe. Koma si ndiye nchito ya recovery imeneyo? Zikatayika, zibwela.”

Anandiyang'ana monga mmene ndinali kumuyang'anila iye akalakwa samu yapafupi. Anandiuza mwaulemu kuti m'kacipindako mulibe cinthu canga ngakhale cimodzi. Muli faelo yochedwa winre.wim, kathumba ka zipangizo kamene kompyuta imatsegula ikalephela kuyaka: kukonza poyambila, kucotsa apudeti imene yasokoneza, kapena kuikanso Windows. Kamacilitsa makina, osati zithunzi, osati mau. Ndiye kuti kwa zaka zitatu ndinali kugona mtima uli m'malo cifukwa ca liu la Cingelezi limene ndinalimva molakwa.

Nchito yoyamba inali kukopela mafaelo 43 aja pa fulashi, ndiponso pa diski yake ina. Anandiuza kuti nditseguleko angapo ndimve ngati akulila. Mau a amai anamveka pakati pa phokoso la msika, akuchula maina a azilongo ao. Mai wogulitsa tomato pafupi anacheuka. Ine ndinayang'ana kumbali.

Kenako analumikiza laputopu ku inveta yake, cifukwa magetsi akathima pamene ukusuntha malile a zipinda, diski yonse ingasokonezeke. Analemba reagentc /info. Lamulo limeneli limaonetsa cipinda cimene kompyuta ikugwilitsila nchito. Cinali ca pakati pa C: ndi D:. Anafotokoza kuti laputopuyo inabwela ndi Windows 8. Akulu anga atakweza kupita ku Windows 10, zipangizo zatsopano sizinakwane m'kacipinda kakale, motelo kompyuta inadula kambali ka C: n'kumanga cina. Cakaleco cinangotsala, monga nkhokwe imene mwini wake waleka kuikamo cimanga.

Zotsatila anacita pang'onopang'ono, akundionetsa. Analemba reagentc /disable, kuti faelo ija isamukile ku C: poyamba. Mu diskpart anacepetsa C: ndi 250 MB, anafafaniza cipinda camoyoco, n'kupanga cina cokulilapo pamalo omwewo, n'kuciika cizindikilo cakuti ndi ca recovery. Asanalembe lamulo lililonse lofafaniza, anali kuwelenga mokweza nambala ndi kukula kwa cipindaco kawili. Anamaliza ndi reagentc /enable. Apudeti ija inalowa bwinobwino.

“Nanga cakale cija? Tigwetse?”

“Cisiyeni, aphunzitsi. Cili kumayambililo, ndipo pakati pa ico ndi C: pali tuzipinda tumene kompyuta imayakila. Mukacicotsa, malowo sangalumikizane ndi C: mosavuta. 300 MB si yoti muikile diski yonse paciswe.”

Tinacisiya. Mpaka lelo cilipo.

Ndisanacoke ndinamupempha kuti andionetsenso mndandanda wa zipinda uja. Ndinafuna kudziwa nambala imene ndinasankha usiku ule. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Recovery yamoyo inali 5, D: inali 6. Ndikukumbukila kuti ndinali kuwelenga kucokela pansi, ndipo ndinali wotopa. Kunena zoona, sindidziwa. Mnyamatayo sanandifunse, ndipo ndinamuyamikila mumtima.

Windows 10 inaleka kulandila thandizo la masiku onse pa 14 October 2025, ndipo laputopu ya akulu anga ndi yakale kwambili moti singalandile Windows 11. Tsiku lina idzazima osayakanso, ndipo palibe kacipinda kamene kadzaiutsa. Koma mau a amai lomba ali malo anai: kwa ine, kwa alamu, kwa mlongo wanga ku Lusaka, ndi m'foni ya mwana wa akulu anga. Iye ndiye anandiimbila mwezi watha kufunsa kuti agogo amati ciani pa faelo 17, pamene akuseka asanamalize dzina la munthu. Ndinamuuza kuti abwele pa holide, ndidzamuuza. Nkhani imeneyo si ya pafoni.