Siginolo ya amalume, foni ya msuweni wanga

Amalume anga sataya pepala. M'nyumba mwawo ku Nkana West, nyumba yakale ya mgodi yomwe akazi awo anagula pamene kampani ya migodi ya ZCCM inkagulitsa nyumba kwa antchito ake, muli bokosi lachitsulo lakuda lolembedwa nambala yawo ya usilikali ndi penti woyera. Anzawo amasunga mamendulo m'mabokosi otere. Iwo amasungamo nkhani za mankhwala: timapepala tosindikizidwa pa makina a Gestetner, tofiirira ngati fodya wouma, tina todyedwa ndi chiswe m'mbali. Anagwira ntchito yachipatala m'gulu lankhondo la Zambia zaka zambiri, makamaka ku mabalaki a Tug Argan ndi Kalewa mu Ndola, ndipo mpaka lero anthu amawatchula kuti adokotala ngakhale kuti ku yunivesite sanapondeko.

Kalelo nkhani ya ntchito inkayenda pa matayala. Ku Lusaka akasintha mlingo wa mankhwala, kapena akaitana anthu ku kosi, uthengawo unkabwera ngati siginolo pa wailesi ya asilikali, apo ayi m'thumba la makalata, pa Land Rover yodzera ku Kabwe ndi ku Kapiri Mposhi. Dokotala wa batalioni ankasainapo, kalaliki n'kuutaipa, wina n'kuukhoma pabolodi pakhomo la MI room, kachipinda komwe asilikali odwala ankafola m'mamawa. Ndiye sajeni ankasonkhanitsa anyamata ake pansi pa mtengo, n'kuwawerengera m'Chingelezi, kenako n'kubwereza m'Chinyanja, poti ngakhale kunja kwa mpanda kunkamveka Chibemba, m'kati mwa balaki Chinyanja ndicho chinali chilankhulo cha msilikali kuyambira nthawi ya atsamunda. Wosamvetsa ankafunsa pomwepo. Wowodzera ankathamangitsidwa kuzungulira bwalo.

Amene anawaphunzitsa amalume kubaya jekeseni anali mkulu wina wobwerera ku nkhondo ya ku Burma. Maina a mabalakiwa si okongoletsa chabe: ku Tug Argan, m'dziko la Somaliland, n'komwe Northern Rhodesia Regiment inamenya nkhondo mu Ogasiti 1940, ndipo Kalewa ndi tauni ya ku Burma, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin. M'nkhalango za ku Burma malungo ankagwetsa asilikali ambiri kuposa zipolopolo, mpaka General Slim analamula kuti kumwa mapiritsi a mepacrine, aja osandutsa khungu chikasu, kukhale lamulo ngati kupukuta mfuti. Mkulu uja anabwera ndi mzimu womwewo. Kwa iye nkhani ya mankhwala inali lamulo, yoloweza pamtima, yosakambirana.

Amalume akamakamba zimenezi nkhope imawala, ndipo ine ndimawamvetsa. Pepala limodzi linkawerengedwa mpaka kung'ambika m'mapindo. Magazini ya Medical Journal of Zambia ikatsalira patebulo la dokotala, inkayenda m'manja mwa anthu khumi. Loweruka ankakwera basi kubwera ku Kitwe kudzacheza ndi anamwino a ku Wusakile ndi a ku chipatala cha mgodi cha Nkana, chomwe lero ndi Sinozam, poti a mgodi masiku amenewo zida ndi mabuku atsopano ankaziona msanga. Ukwati wawo unachokera m'maulendo omwewo, ngakhale kuti iwo amaumirira kuti ankangofuna maphunziro.

Komabe ndinafukula m'bokosimo mpaka pansi, ndipo zomwe mulibe zinandilankhula kwambiri kuposa zomwe muli.

Muli mapepala angapo a chloroquine, mankhwala a malungo, onse onena chinthu chimodzi. Amalume amavomera okha kuti m'zaka za m'ma 1980 ankaona msilikali atamaliza mapiritsi ake onse, n'kubweranso patapita sabata akunjenjemera. Ankadziwa kuti tizilombo tayamba kuwapima mphamvu mankhwalawo. Nanga akanatani, pepala losainidwa likunenabe chloroquine? Mu Ndola momwemo munali Tropical Diseases Research Centre, yoyambitsidwa mu 1975, koma kuchokera pa desiki la wofufuza kukafika pabolodi la MI room unali ulendo wautali kuposa wa ku Lusaka. Dziko lonse linadzasamukira ku Coartem cha m'ma 2003, amalume atavula kale yunifolomu.

Za Edzi m'bokosimo muli pepala limodzi lokha, lofika mochedwa. Anyamata ankaonda, kutsokomola, kutsegula m'mimba miyezi, m'buku n'kulembedwa TB kapena malungo. Pulezidenti Kaunda atanena poyera mu 1987 kuti mwana wawo Masuzyo, yemwe anamwalira mu 1986, anafa ndi Edzi, amalume anamva pa wailesi ya m'kantini ngati wina aliyense. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma cha m'ma 2005. Ndikawafunsa za zaka za pakatipo amayang'ana kumpanda, n'kuyamba kuwerenga maina ndi zala. Zala zikatha amasiya.

Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, anatsata mapazi awo. Ndi namwino wa usilikali, wa nyota ziwiri paphewa, ndipo iye bokosi lake ndi foni. Muli magulu a WhatsApp osawerengeka: la wodi, la omwe anaphunzira nawo, la omwe anali nawo ku Birao m'dziko la Central African Republic, komwe asilikali a Zambia akhala akusunga mtendere pansi pa MINUSCA kuyambira 2015. Unduna wa Zaumoyo ukatulutsa ndondomeko yatsopano, imamupeza tsiku lomwelo ali pamzere wa minibasi. Maphunziro ena amachitira pa Zoom mwana ali kumsana, chifukwa popanda mapointi a CPD, opezeka m'maphunziro otere, chiphaso chake cha unamwino sichingakonzedwenso. Masiku ano nyota za paphewa sizim'pulumutsa munthu ku bungwe la anamwino. Kolera itavuta ku Lusaka kumapeto kwa 2017, ndiponso mu Januwale 2024 pamene bwalo la mpira la Heroes linasandutsidwanso chipatala, kayezedwe ka madzi a m'thupi ndi kasakanizidwe ka klorini zinkafika m'foni anthu asanakwere n'komwe lole.

Apa ine ndili kumbali ya msuweni, ndipo sindibisa. Nkhani yochedwa inkapha anthu, kungoti inkapha mwakachetechete, popanda woimbidwa mlandu.

Koma nayenso ali ndi madandaulo ake. M'masiku a Covid-19 gulu limodzi lomwelo linkabweretsa ndondomeko yeniyeni ya boma, pansi pake mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika wolimbikitsa kufukiza masamba a bulugamu, pansi pakenso uthenga wonyoza katemera wotumizidwa ndi wina wa udindo woposa wake. Palibe siginecha, palibe deti. Ndondomeko yakale ndi yatsopano zimafanana nkhope zikakhala m'foni, ndipo amene ayenera kuzisiyanitsa ndi iye yekha, usiku, maso akulemera. Aliyense amayika chala chokweza m'mwamba kusonyeza kuti waona. Kuona n'kosavuta. Sajeni wa pansi pa mtengo uja ankakuyang'ana m'maso, n'kukuuza kuti bwereza zomwe ndanena.

Tsiku lina Lamulungu, tikudya chinangwa chootcha pakhonde, awiriwa anakangana za lamba womanga mwendo kapena mkono wotaya magazi, uja amati tourniquet. Amalume anaphunzitsidwa kuti ndi chinthu choopsa, chogwiritsa ntchito zonse zikakanika, ndipo ukamanga uzimasula pakapita kanthawi kuti mwendo usafe. Msuweni anapukusa mutu.

"Ayi adadi, zimenezo zinasintha. Magazi akamathovoka mumayamba ndi lamba, musanaone n'komwe za kupuma. Mumange zolimba, mulembe nthawi, ndipo musamasule mpaka afike kwa dokotala."

Anafotokoza kuti phunziroli linachokera ku nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan, komwe anaona kuti asilikali ambiri ovulala miyendo ndi manja ankafa ndi kutaya magazi chabe, pamene lamba womangidwa msanga akanawapulumutsa. Kumasulamasula kuja kunkangomutayitsa munthu magazi pang'onopang'ono.

Amalume anakhala chete. Ndinaganiza kuti akwiya, poti si chapafupi kuwongoleredwa ndi mwana wako pa ntchito yomwe unadyera mchere zaka makumi. Kenako anafunsa kuti, "Wasaina ndani?"

Msuweni anatsegula chikwama, n'kutulutsa lamba wakuda wa kamtengo kopotera, n'kuwamanga pantchafu pamwamba pa thalauzi la kutchalitchi. Anapotokola mpaka mkuluyo anakuwa kuti basi iwe, ufuna undidule mwendo? Atamasulidwa anautenga, n'kuutembenuzatembenuza, n'kuyesa kudzimanga pamkono ndi dzanja limodzi monga anawasonyezera. Kachitatu anakhoza.

Ndiye anandituma kuti mawa ndipite m'tauni, pafupi ndi msika wa Chisokone, ndikasindikize pa pepala ndondomeko yonse ya m'foniyo, zilembo zikhale zazikulu. Anati ndisaiwale kuuza mnyamata wa pa kompyuta kuti alembepo deti pamwamba.