Croissant ya ku Kabulonga

Ise amene tinakulira pa vitumbuwa na tiyi, tikalowa mu patisserie ya ku Kabulonga timayamba kukamba pansipansi monga tili mu chalichi. Palibe watiuza kuti tikhale chete. Ni magalasi aja, na tumakeke tondandalikidwa monga mawochi odula, kalikonse na dzina la Chifalansa: éclair, macaron, mille-feuille, pain au chocolat. Ambiri a ife timangoloza na chala, "aka, na aka," kuopa kupunthwa lilime pamaso pa asisi ogulitsa.

Mtengo umawawa, tisanamizane. Ndalama ya croissant imodzi ingadzaze pulasitiki na vitumbuwa va amai a pakona, nyumba yonse n'kumwera tiyi. Koma mbali yaikulu ya ndalama ija timalipira kuzizira.

Wophika amaika bata wozizira pakati pa fulawa yokanda, apinda patatu, aika mu firiji, atulutsa, apindanso. Akachita tero katatu, bata wagawika mizere 27 yopyapyala. Mu uvuni madzi a mu bata amasanduka nthunzi n'kukankha mizere ija, ndiye tumphako tuja timaona tikanyema. Bata akangosungunuka pa thebulo, nchito yonse yaonongeka, chotuluka ni banzi wamba. Manje ganizani kutentha kwa Lusaka mu October, na malaiti kuyenda maola ambirimbiri monga mu 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba. Aliyense amene anatulutsa croissant yabwino masiku aja anali kuotcha dizilo mu jenereta. Chitumbuwa chifuna chabe mbaula, malasha na saladi.

Fulawa ingakhale yathu, pakuti tirigu amalimidwa mothirira ku Mkushi na ku Chisamba nthawi yozizira. Macaron ndiyo ifuna ufa wa almond, ndipo almond ambiri pa dziko amachokera ku California. Kakeke kang'ono monga chivindikiro cha botolo kayenda ulendo wautali kupambana ife tonse. Kukamba zoona, sitikakonda kwenikweni, shuga yachulukamo. Timakagula chifukwa kamaoneka bwino pa foni.

Afalansa nawonso croissant anachita kutengera. Ku Vienna kunali kipferl, buledi yopindika monga mwezi, ndipo munthu wa ku Austria, August Zang, anatsegula bekari ku Paris cha m'ma 1839. Kupinda na bata kunabwera pambuyo. Ngati eni ake anaphunzira kwa alendo, ise manyazi a kutchula dzina tiwatenga kuti?

Timapitako kumapeto kwa mwezi, awiri kapena atatu, aliyense agula chosiyana kuti tilawane. Croissant yabwino imalira ukailuma, ndipo nyenyeswa zimagwera pa malaya. Timazitola na chala, olo a pathebulo lina ayang'ane. Khofi imodzi tikhala nayo ola lathunthu.

Potuluka mmodzi wa ife amagula éclair ya amai. Kabokosi kakhala pamiyendo mu minibasi mpaka ku Chawama kapena ku Matero, uku tikupempha kondakita asatipanikize, pakuti kirimu siichedwa kufewa. Amai amaidula panayi na mpeni kuti ana alaweko. Akafunsa mtengo timachula hafu, ndipo na hafu yomweyo amagwira pakamwa, kenaka n'kunyambita chokoleti yotsala pa mpeni.