Tabuleti Ikadwala

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mawuwa ngakale koma sakalamba, pakuti chabwino chilichonse chimene anthu amalandira chimadza ndi katundu wake. Ana a sukulu a zaka za m'mbuyomo ankalemba pa sileti. Siletiyo ikagwa n'kusweka, mwana ankaona yekha pamene pawonongeka, osafunsa munthu. Lero m'manja mwa ana ndi akulu omwe muli chipangizo chofanana ndi sileti m'maonekedwe, chotchedwa tabuleti. Icho chimalankhula, chimajambula zithunzi, ndiponso chimasunga maina ndi ziwerengero zoti sizingakwane m'makope zana limodzi. Koma chikadwala, nthenda yake sioneka kunja. Galasi limakhala losalala monga dzulo pamene m'kati zinthu zasokonekera.

M'dziko lathu matabuleti adadziwika kwambiri kudzera m'sukulu ndi m'ntchito za boma. M'chaka cha 2013 mabungwe a VSO ndi onebillion adayamba kuyesa kuphunzitsa ana aang'ono masamu m'Chichewa pa matabuleti pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe. Pa kalembera wa mu Sepitembala 2018 alembi adayenda mudzi ndi mudzi atanyamula matabuleti m'malo mwa mapepala, ndipo adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu oposa 17.5 miliyoni. Mu 2023 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya BEFIT, imene idayamba ndi sukulu zapulaimale 500, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Matabuleti ena adalowa m'midzi mwakachetechete, m'zikwama za anyamata ochokera ku Joni.

Dera la mfumu yaikulu Kasakula, m'boma la Ntchisi, lili m'mapiri olumikizana ndi a ku Dowa. Anthu ake ndi alimi a chimanga, soya, mtedza ndi fodya. Mvula ikalimba, misewu ya m'zitunda imaterera ndipo ulendo wa ku boma umasanduka nkhani. Kalembera wa 2018 uja adaonetsa kuti m'dziko lonse nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira ndi magetsi, ndipo zambiri mwa izo zidali m'mizinda. Choncho kumudzi tabuleti imadalira sola, netiweki imafunidwa pachitunda, ndipo mmisiri wodziwa bwino amakhala kutali. Kumalo otere mwini chipangizo ayenera kukhala sing'anga woyamba wa chipangizo chake.

Tabuleti iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imalamulira zonse, monga Android, yomwe idayamba kupezeka m'mafoni mu 2008. Pamwamba pa iyo pamakhala mapulogalamu ang'onoang'ono: lolembera, lojambulira, lotumizira mauthenga ndi ena otero. Nthawi ndi nthawi opanga amatumiza zosintha pa intaneti pofuna kutseka mipata yolowera akuba kapena kukonza zolakwika zakale. Zosinthazi ndizo achinyamata amazitcha apudeti. Ntchito yake njabwino, koma ikufanana ndi kusintha mafelemu a nyumba anthu ali m'kati momwemo. Felemu latsopano lingathe kukhala lolimba kuposa lakale, koma chitseko chakale n'kukana kulowamo. Mavuto amabwera kawirikawiri m'njira zinayi: batire kutha ntchito ili pakati, netiweki kuduka, malo osungira zinthu kudzaza, ndi pulogalamu yakale kukana kugwirizana ndi yatsopano.

Munthu asaganize kuti izi zimagwera osaphunzira okha. Mu Malichi 2021 anthu ambiri padziko lapansi adaona mapulogalamu a m'mafoni awo akudzitseka okha chifukwa cha apudeti ya kachigawo kotchedwa Android System WebView. Pa 19 Julaye 2024 apudeti yolakwika ya kampani ya CrowdStrike idazimitsa makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni oyendera Windows, mwakuti ndege zambiri sizidanyamuke ndipo mabanki ndi zipatala zina zidasokonekera. Ngati zidatero ku London ndi ku New York, nanga ku Kasakula zingalephere bwanji?

M'mudzi wina wa m'derali mudali mayi amene adali mlembi wa banki m'khonde ya anthu makumi awiri. Mwana wake wa ku Johannesburg adamtumizira tabuleti yogwirapo kale ntchito. Denga litadontha n'kunyowetsa kaundula wa gulu, mayiyu adajambula masamba onse asadafufutike, ndipo kuchokera pamenepo ankalemba masheya ndi ngongole m'tabuleti momwemo. Anzake adamuyamikira kuti wabweretsa chitukuko. Kope lina silidagulidwenso.

Kutatsala masiku anayi kuti gulu ligawane ndalama mu Disembala, mayiyu adapita kumsika kumene netiweki imagwira bwino. Pagalasi padabwera uthenga wa m'Chingerezi, iye adadina, ndipo tabuleti idatha nthawi ikudzikonza. M'mawa mwake idayamba misala. Ikayaka inkaonetsa zithunzi zake zapamwamba, kenaka n'kuuma gwa, chala osachimva, n'kuzima, n'kuyakanso yokha. Ndalama zidali m'bokosi la maloko atatu, koma za amene adaponya masheya angati ndi amene adali ndi ngongole yotani zidali m'tabuletimo basi. Chimanga chidali chitafika pothira feteleza wobereketsa, ndipo aliyense ankadikira gawo lake. Pofika madzulo manong'onong'o adali atayamba kuchitsime: ena ankati mlembi wapha dala makina kuti abise ngongole za abale ake. Dzina limene mayiyu adalisunga zaka zambiri lidali pafupi kugwera m'matope.

Mnyamata wotchajitsa mafoni pamsika adaiyang'ana kamodzi kokha nati, "Mayi, iyi njofunika kuifulasha basi. Mawa muitenga ili ngati yatsopano."

Mayiyu adatsala pang'ono kuvomera. Koma adali ndi mwana wa mng'ono wake, mtsikana wa Fomu 3, amene adafunsa funso limodzi: "Achimwene, mukaifulasha, zolembedwa zili m'katimu zitsala?"

Mnyamatayo adakanda m'mutu nayankha kuti zonse zipita.

"Amayi, tiyeni tibwerere nayo," adatero mtsikanayo. "Kufulasha sikuthawa. Tiyambe tafunsa."

Safunsa adadya phula. Awiriwa adapita kwa mphunzitsi wina wa sukulu yapulaimale amene adaphunzirapo kasamalidwe ka matabuleti. Mphunzitsiyo sadafulumire kuigwira. Adayamba ndi mafunso ngati a kuchipatala. Kodi idagwa? Idanyowa? Idayamba liti? Chidachitika n'chiyani dzulo lake? Atamva za uthenga wa kumsika uja adagwedeza mutu nati kwa mtsikanayo, "Iwe, tenga pepala. Chilichonse chimene tiyese uchilembe, ndi chotsatira chake chomwe. Tisinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Tikasintha zitatu pamodzi n'kuchira, sitidzadziwa chimene chachiritsa."

Choyamba adaitchaja pa sola ya kusukulu kwa maola awiri ndi chingwe china chodziwika kuti n'chabwino, pakuti batire lofooka limanamizira matenda ambiri. Sidasinthe. Chachiwiri adadina batani loyatsira osalisiya kwa masekondi pafupifupi 30 kuti izime kotheratu ndi kuyamba mwatsopano. Idayaka, idakhala bwino kamphindi, n'kuumanso. Chachitatu adachotsa memori khadi ndi simu khadi, poti khadi lowonongeka limathanso kuumitsa chipangizo. Nthenda idakhalapobe. Mayi uja adayamba kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Musade nkhawa, mayi," adatero mphunzitsi. "Zitatu tazichotsa pa mndandanda. Kumeneko n'kuyandikira."

Chachinayi adaiyatsa m'njira yotchedwa safe mode. Pa matabuleti ambiri a Android munthu amadina batani loyatsira, kenaka n'kugwira chala pa mawu ozimitsira mpaka chipangizo chitafunsa ngati akufuna njirayi. Pa ena amagwira batani lotsitsira mawu pamene chikuyaka. M'njira imeneyi tabuleti imayendetsa mapulogalamu okhawo amene idabwera nawo, ndipo onse oikidwa pambuyo pake amagona. N'chimodzimodzi mlimi amene waona matenda m'khola: amapatula mbuzi zogula kumsika kuti aone ngati zotsalazo zikhale bwino. Tabuleti ija idayaka, mawu oti safe mode adaoneka m'munsi mwa galasi, ndipo idakhala phee, yomvera chala. Apa zidadziwika kuti galasi ndi batire n'zabwino, pulogalamu yaikulu njamoyo, ndipo wopalamula ali pakati pa alendo.

Mtsikana uja adafuna kuyamba pomwepo kusaka pulogalamu yolakwayo, koma mphunzitsi adamuletsa. "Nyumba ikamapsa, umayamba watulutsa ana. Tiyambe tapulumutsa kaundula." Mwamwayi mlembiyo ankalemba m'pulogalamu imene idabwera ndi tabuleti, choncho zonse zidatseguka. Adakopera zithunzi zija pa memori khadi, ndipo mtsikanayo adakhala pansi mpaka dzuwa kulowa akulemba m'kope latsopano dzina lililonse, sheya iliyonse ndi ngongole iliyonse, mayi ake aakulu akuwerenga mokweza.

M'mawa mwake adayamba kuchotsa mapulogalamu oikidwa pambuyo, imodziimodzi, kuyambira yomalizira kuikidwa, ndipo akachotsa imodzi ankaiyatsa mwa masiku onse kuti aone. Yoyamba idali ya masewera, palibe chidasintha. Yachiwiri idali ya nyimbo, chimodzimodzi. Yachitatu idali ija imene imalonjeza kuyeretsa chipangizo ndi kuchithamangitsa, yomwe munthu wina adaithira kuchokera m'foni yake miyezi yambiri m'mbuyomo. Idali yakale, yosagwirizana ndi pulogalamu yaikulu yatsopano, ndipo inkadziyatsa yokha nthawi iliyonse tabuleti ikayaka. Itachotsedwa, misala idatha. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Adapezanso kuti malo osungira adali atatsala pang'ono kudzaza ndi mavidiyo a makwaya ndi maukwati, ndipo adasamutsira ambiri pa khadi kuti chipangizo chipume.

Pomaliza mphunzitsi adafunsa ngati mayiyo ankadziwa mawu achinsinsi a akaunti imene mwana wake adatsegulira tabuletiyo. Iye sankawadziwa. Pamenepo m'pamene kukula kwa ngozi imene adailewa kudaoneka. Kuchokera pa Android 5.1 ya mu 2015, chipangizo chikafufutidwa mwa njira yokakamiza chimafuna akaunti ya mwini wake chisanatseguke, pofuna kugwetsa ulesi akuba. Akadaifulasha, kaundula akadapita, ndipo mwina tabuleti yomwe ikadakhala yotsekeka. Tsiku logawana litafika, mlembi adayala kope ndi tabuleti pamphasa, ziwerengero zidagwirizana ndi ndalama za m'bokosi, ndipo gulu lidapanga lamulo lakuti kuyambira tsikulo zolemba zonse zizikhala pawiri.

Nkhaniyi siikutanthauza kuti apudeti njoipa. Chipangizo chosalandira zosintha chili ngati nkhokwe yopanda chotsekera, ndipo masiku ano pamene ndalama zimayenda pa foni, akuba a pa intaneti amakonda zipangizo zotero. Chofunika n'kukonzekera. Munthu asanavomere apudeti, akopere kwina zinthu zake zofunika. Batire likhale lodzaza kapena chipangizo chikhale pa tchaja. Malo osungira akhale otakasuka, netiweki ikhale yokhazikika, ndipo bandulo ikhale yokwanira. Asaizimitse ntchito ili m'kati, ngakhale ioneke ngati yachedwa. Koposa zonse, asavomere zosintha pamene mawa lake kuli ntchito yaikulu. Palibe amene amasasula denga tsiku loti mawa kuli chinkhoswe.

Siikutanthauzanso kuti kufufuta zonse kulibe malo ake. Nthawi zina apudeti imaduka pakati, pulogalamu yaikulu n'kuwonongeka, mwakuti ngakhale safe mode siitheka. Pamenepo kufulasha kumakhala mankhwala okhawo otsala, ndipo mmisiri wodziwa ntchito yake amafunika. Koma mankhwala amenewa ngomalizira, osati oyambira. Wotentha nkhokwe kuti aphe khoswe amaphadi khosweyo, koma chaka chimenecho amagona ndi njala.

Njira imene idapulumutsa kaundula uja siyachilendo kwa wophunzira wa sekondale. Ndi yomweyo imene amaphunzira m'phunziro la sayansi: kuona bwino, kufunsa chimene chasintha, kuganizira chifukwa, kuyesa chinthu chimodzi, ndi kulemba chotsatira. Ndi yomweyonso imene makolo ankatsata wailesi ikaleka kulira, poyamba ndi mabatire asanamasule zomangira. Zipangizo zidzapitiriza kusintha, ndipo mabatani a lero adzaiwalika monga adaiwalikira masileti. Koma kufunsa mafunso oyenera m'ndondomeko yake sikudzatha ntchito.

M'midzi yambiri ya ku Ntchisi, ku Dowa ndi kwina konse, chipangizo chikavuta anthu amathamangira kwa mwana wa sukulu, poti ndiye amamva Chingerezi cha pagalasi. Udindo umenewu ngwaukulu, chifukwa chimene amapatsidwa m'manja nthawi zambiri si galasi chabe ayi. Umakhala ulimi wa chaka chonse wa mabanja makumi awiri, zithunzi za malemu, kapena mbiri yabwino ya munthu. Wolandira katundu wotere asachite manyazi kunena kuti tiyambe tafunsa, ndipo asalole kufulumizidwa ndi wofuna kuonetsa ukatswiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.