Kwa mwana wanga amene akupita ku Israel

Mitundu,
Lilongwe.

Wokondedwa mwana wanga,

Za ulimi sindingakuphunzitse kanthu. Wamaliza maphunziro ako pa Bunda pompa, ndipo za mthirira ndi za nthaka ukuzidziwa kuposa ine. Ukudziwanso kuti siwe woyamba kuyenda ulendowu. Mu November 2023, patangotha masabata ochepa nkhondo ya ku Gaza itabuka pa 7 October, achinyamata 221 ananyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Ena athandiza makolo awo, ena anabwezedwa mu 2024 chifukwa chothawa m'minda imene anasainira. Chimene ndikufuna kukupatsa ndi nzeru za eni dziko ukupitalo, zimene ndakhala ndikuwerenga pa zaka zanga za ukulu wa mpingo.

Mabuku asanu a Mose amene timawerenga m'Buku Lopatulika, kuyambira Genesis mpaka Deuteronomo, Ayuda amawatchula kuti Tora. Aphunzitsi awo, arabi, sankangowerenga ayi. Ankafunsa mafunso, kutsutsana, ndi kusiyira ophunzira awo mayankho. Cha m'ma 200 Yesu atabadwa, Rabi Yehuda HaNasi anasonkhanitsa ziphunzitsozi m'buku lotchedwa Mishnah. M'menemo muli funso limene sindiliiwala: bwanji Mulungu polenga munthu anayamba ndi mmodzi yekha? Mayankho ake ankauza mboni zisanapereke umboni pa mlandu umene munthu akanatha kuphedwa nawo, kuti zidziwe kulemera kwa mawu awo.

Yankho loyamba ndi lakuti anthu onse anatuluka mwa munthu mmodzi, choncho wowononga moyo umodzi wawononga dziko lathunthu, ndipo woupulumutsa wapulumutsa dziko lathunthu. Moyo umenewo ndi wakonso, mwana wanga. Belu lochenjeza za mabomba likalira, siya chilichonse uthamangire kobisalira. Popopera mankhwala vala zodzitetezera, ngakhale kutenthe bwanji. Palibe bokosi la tomato kapena malipiro owonjezera amene angafanane ndi iwe. Ndipo ukamva kuti kwafa munthu, kaya ndi Myuda kaya ndi Mpalestina wa ku Gaza, dziwa kuti kwinakwake kuli mayi amene akulira. Usakasangalale ndi imfa ya munthu, ndipo usakalembe zachipongwe pa Facebook.

Yankho lachiwiri ndi la mtendere: kholo lathu ndi limodzi kuti pasapezeke wodzitama kuti atate ake amaposa atate a mnzake. Kumundako ukakumana ndi anthu a ku Thailand, Aluya, Ayuda, ndi Amalawi anzako ochokera kumpoto ndi kummwera. Usakadzione wochepa chifukwa wachokera kumudzi, ndipo usakanyoze wina chifukwa cha chinenero, chakudya kapena chipembedzo chake. Izi si zachilendo kwa iwe. Kuno ku Mitundu, a mpingo, a gule wamkulu ndi Asilamu timasiyana pa zambiri, koma maliro akagwa timagona pa siwa imodzi, ndipo ufa ndi nkhuni timasonkha tonse.

Yankho lachitatu anatengera pa ndalama zachitsulo. Wosula ndalama akadinda ndi chidindo chimodzi, zonse zimatuluka zofanana. Koma Mulungu anadinda anthu onse ndi chidindo cha Adamu, ndipo palibe awiri ofanana. Choncho usakaweruze mtundu wonse chifukwa cha kapitawo mmodzi waukali, ndipo usakakhulupirire aliyense chifukwa chakuti mmodzi anakukomera mtima. Munthu aliyense ukamuphunzire payekha.

Hillel, mphunzitsi wa ku Yerusalemu m'masiku a mfumu Herode, ankalimbikitsa ophunzira ake kutengera Aroni, mbale wake wa Mose, amene sankadikira kuti mtendere ubwere wokha koma ankautsatira. Arabi amasimba kuti anthu awiri akayambana, Aroni ankapita kwa woyamba n'kukhala naye pansi mpaka mkwiyo utazizira, akumuuza kuti mnzake akumva chisoni. Kenako ankapita kwa winayo n'kuchita chimodzimodzi. Awiriwo pokumana ankakumbatirana. M'chipinda chimene mukagonemo anyamata angapo mikangano sidzasowa: ngongole yosabwezedwa, ndiwo zodyedwa mwini ali kumunda, wina kuyankhula pa foni usiku anzake atatopa. Ukakhale iwe woyamba kudzuka n'kupita kwa mnzako. Usakanyamule mawu a uyu kukatula kwa uyo kuti moto ukule. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Tsopano za kuphunzira. Hillel yemweyo ankachenjeza munthu wozengereza kuphunzira podikira mpata, chifukwa mpatawo mwina sudzapezeka. Shammai, amene ankatsutsana naye pa zambiri, pa ichi anagwirizana naye: kuphunzira kukhale ndi nthawi yake yokhazikika. Rabi Akiva anali m'busa wa nkhosa wosadziwa kuwerenga mpaka zaka 40. Amati ataona mwala umene madzi odontha anauboola, anazindikira kuti mutu wakenso ungalowe nzeru, ndipo anadzakhala mmodzi mwa aphunzitsi otchuka kwambiri a Ayuda. Arabi ambiri anali ndi ntchito zamanja, ndipo ankaphunzitsa kuti kuphunzira ndi kugwira ntchito ziziyendera limodzi. Mpaka lero ophunzira awo amawerenga awiriawiri, akufunsana ndi kutsutsana.

Ukapeze mnzako mmodzi woti uziwerenga naye. Madzulo aliwonse, ngakhale kwa mphindi zochepa, tsegula Baibulo lako. Ukaphunzire Chiheberi chokwanira kumva malangizo ndi kudziyankhulira wekha. Ukagule kope, uzilembamo mmene amayezera madzi, mmene amasakanizira feteleza m'mapaipi, ndi mmene amasankhira zokolola zisanapite kumsika. Dzuwa likalowa Lachisanu ukaona Sabata likuyamba: masitolo ambiri amatseka ndipo mabasi m'madera ambiri amaima mpaka Loweruka madzulo. Ukalemekeze tsiku lawolo, ndipo mpata ukapezeka ukapume ndi kuwerenganso zimene walemba. Ndalama zidzatha, koma za m'kopemo zidzagwira ntchito pa dimba la amalume ako ku Nathenje, ndipo anyamata a m'mudzi amene sanakwereko ndege adzaphunzira kwa iwe.

Pasipoti yako ndi pepala la mgwirizano wa ntchito uzisunga wekha. Pakakhala chokuvuta, kadandaule kwa oyenera, usathawe pamunda. Dziko lathu linatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv mu 2024. Nambala yake ukhale nayo. Potumiza ndalama kuno, uzisungako zina. Mayi ako uziwaimbira Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ndipo uziwauza zoona, zabwino ndi zovuta zomwe.

Ife tizikupempherera pokutchula dzina m'mapemphero a pabanja. Mulungu amene anakulenga akusunge popita, pogwira ntchito ndi pobwerera.

Ndine bambo ako okukonda.