Sitiroberi Amakana Kutsika Phiri

Mayi anga atamva kuti ndikupita ku Zomba, anandituma chinthu chimodzi basi: mbewu ya sitiroberi. Wina anawauza kuti zipatsozi n'zandalama m'tauni, ndiye ankafuna kutenga ngongole kubanki m'khonde kuti adzale dimba lonse kwathu ku Nchalo.

Msewu wa ku Chawe ndi wokhotakhota. M'tauni ndinanyamuka thukuta lili kamukamu, koma pofika pa damu la Mulunguzi n'kuti ndikufunafuna juzi m'chikwama. Nsonga ya phirili imapitirira mamita 2,000, ndipo kamphepo ka m'mitengo ya paini kamalasa ngakhale mu Seputembala. M'mbali mwa msewu, anyamata ankathamangira galimoto iliyonse atanyamula timbale ta zipatso zofiira kuti psuu.

Mayi wina wogulitsa anavomera kundionetsa dimba lawo. Chomeracho n'chachifupi, sichifika n'komwe m'bondo. Safesa njere ayi, amadula timphukira timene timayanga pansi n'kukawokera pena. Mizu yake siipita patali, choncho kuthirira n'kwa pafupipafupi. Pansi amayala udzu wouma kuti zipatso zisakhudze dothi n'kuwola.

Nditatchula kwathu, anaika kheni pansi.

"Mwati ku Nchalo? Mwanawe, kumene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa? Kawauzeni amayi anuwo asataye ndalama."

Sananame. Sitiroberi amafuna masana ofunda pang'ono ndi usiku wozizira kuti achite maluwa. Kutentha kukamapitirira madigiri 30, maluwa amachepa ndipo zipatso zimakhala zing'onozing'ono, zosachedwa kufewa.

N'chifukwa chake dziko lililonse lili ndi nzeru zake pa mbewuyi. Ku England, kumene chisanu chimanyanya, amadikira kuti kunja kufunde, ndipo zipatso zimachuluka mu Juni ndi Julayi, nthawi ya mpikisano wa tenisi wa Wimbledon. Ku Egypt n'zosiyana: amalima m'miyezi yozizira. Alimi a ku Huelva, ku Spain, amadzala m'mashedi apulasitiki kuti akolole msanga, maiko a kumpoto kwawo akadali m'chisanu. Ku California minda yambiri ili m'mphepete mwa nyanja, komwe nkhungu imaziziritsa dzuwa. Ife kuno tilibe kuchitira mwina koma kukwera phiri.

Ndinagula mbale imodzi ya zipatso ndi mbande zitatu zokha. Mawa lake, minibasi ikutsetsereka ku Thabwa, mpweya wotentha unatilandira ngati wa m'ng'anjo. Pofika kunyumba, theka la zipatso zija zinali phala.

Mayi analawa imodzi, n'kukwinya nkhope pang'ono.

"Basi ndi zimenezi? Bola masawu."

Ngongole ija sanatenge. Mbande zitatu zija anazidzala m'ndowa yobooka, pamthunzi kuseri kwa khitchini, ndipo amazithirira m'mawa ndi madzulo. Ziwiri zinauma mu Okutobala. Yotsalayo, akuti ikangobereka andiimbira foni, ngakhale pakati pa usiku.