USIKU UMENE BATIRE INATITHERA PA KARIBA

Ine ndine mwana wa ku Katete, kumene madzi ambiri timawaona m'dambo nthawi ya dzinja cabe. Koma kusowa kunanditengera ku Siavonga, ndipo ndinagwira nchito zaka zitatu pa bwato lophera kapenta, limene asodzi amalicha rigi.

Kapenta sagwidwa ndi mbedza. Tinsomba timeneti, timene tinatengedwa ku nyanja ya Tanganyika ndi kuikidwa mu Kariba mu 1967 ndi 1968, timalondola kuwala. Usiku tinali kuyatsa nyale pamwamba ndi ina m'madzi, khoka lili kunsi kwace. Tikasonkhana, tinali kuzimitsa za pamwamba ndi kukweza khoka. Popanda magetsi panalibe nsomba, ndipo popanda nsomba panalibe malipiro, pakuti tinali kulandira monga mwa kulemera kwa zimene tapha.

Kapitao wathu, nkhalamba ya Citonga yosalankhula-lankhula, anali kuyerekeza batire ndi nkhokwe. Injini ikamalira, nkhokwe ikudzala. Ikazima, mukudya zosunga. Anatiwerengera kuti nyale ya mawati 60 pa batire ya mavoti 12 imakoka maampu 5. Batire yolembedwa 100 ingaoneke ngati ya maola 20, koma kweni-kweni ndi ya maola 10, cifukwa batire yotere ikatsika kupitirira theka kawiri-kawiri imafa msanga. Theka linalo, iwo anati, ndi mbeu. Ife anyamata tinali kumvera ndi khutu limodzi.

Tsiku lina dizilo inacepa. Pakati pa usiku mkuluyo anazimitsa injini nakagona pang'ono. Ife tinasiya nyale ikuyaka, tinalumikiza wailesi ndi mafoni anai, ndipo batire yace inali yokalamba kale. Kusanace kunabuka mphepo, nangula nayamba kukhwekhwereka. Kapitao anapotoza kiyi. Injini inangoti kete, basi.

Abale, malire a Zambia ndi Zimbabwe ali pakati pa madzi, ndipo mphepo inali kutikankhira komweko. Wodumpha malire angamangidwe, bwato nkulandidwa. Kutali tinali kuona nyale za tauni ya Kariba, pafupi ndi khoma lija limene linatha mu 1959 ndi kupatsa magetsi maiko awiri, ife tili mu mdima wa bii.

"Ana inu, mwadya mbeu," anatero mkuluyo, osakweza mau. Pamenepo anatilamula kuyatsa timatoci ta mafoni omwe aja ndi kuwagwedeza m'mwamba. Patapita nthawi yaitali rigi ina inationa, ndipo eni ace anatibwereka batire ndi mawaya.

Mwini bwato anagula batire yaciwiri ya kulizira injini cabe, imene kapitao sanalole munthu kuikhudza. Mtengo wace anaudula pa malipiro athu. Caka cimeneco amai ku Katete anathira thumba limodzi la feteleza m'malo mwa awiri amene ndinawalonjeza.