Manja a Papwa ndi kagwiridwe ka ndodo ya gofu

Abale anga a ku Malawi, ku Chipata, ku Tete ndi kwina konse kumene chilankhulo chathu chimamveka, aliyense wa ife amene adakula akulima amadziwa kuti khasu silimvera mphamvu zokha. Wolifinya mpini amatopa dzuwa lisanakwere, ndipo amabwera kumudzi ndi matuza m'zikhatho. Wolilekerera limamupulumuka. Mlimi wozolowera amaugwira mpiniwo mokwanira basi, n'kusiya kulemera kwa khasu kuti kudule nthaka. Nzeru yomweyi ndaipezanso kuno ku Durban, pamasewera a gofu, amene kwathu ambiri timawaona ngati a anthu olemera okha.

Loweruka lililonse ndikapeza mpata ndimasewera pa bwalo la boma la mzinda ku Reservoir Hills, lotchedwa dzina la Papwa Sewgolum. Pamenepo ndaonapo amuna amphamvu, onyamula matumba a simenti mkati mwa sabata, akulephera kuponya mpira patali kuposa nkhalamba yowonda. Kawirikawiri vuto lawo limakhala m'manja.

Manja ndiwo okha amene amakhudza ndodo, choncho nkhope ya ndodoyo, mbali imene imamenya mpira, imaloza kumene manja ailozetsa. Wosewera chakumanja amaika dzanja lamanzere kumtunda kwa mpini, lamanja kumunsi. Mpiniwo uyenera kugona m'zala, osati pakati pa chikhatho. Akayang'ana pansi n'kuona mfundo ziwiri za zala za dzanja lamanzere, manja ali pakatikati. Akawapotolera kumanja mpaka mfundo zitatu kapena zinayi zioneke, nkhope ya ndodo imafika pampira itatsekeka, ndipo mpira umakhotera kumanzere. Akawapotolera kumanzere, nkhopeyo imafika ili yotseguka, mpira n'kuthawira kumanja, kutchire. Kusuntha dzanja pang'ono chabe kumasanduka mamita ambiri kutsogoloko.

Akulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo pagofu manja awiri amayenera kugwira ntchito ngati limodzi. N'chifukwa chake ambiri amasanjika chala chaching'ono cha dzanja lamanja pamwamba pa mkombaphala wa lamanzere, njira imene adaitchukitsa Harry Vardon. Ena, monga Jack Nicklaus ndi Tiger Woods, amakolowanitsa zala ziwirizo.

Nanga mphamvu yogwirira? Munthu akafumbata mpini ngati akulimbana ndi wakuba, minofu ya mkono imauma, ndipo polumikizira dzanja ndi mkono sipapindika. Chonsecho kupindika ndi kuwongoka kwa pamenepo ndiko kumapatsa mutu wa ndodo liwiro, monga momwe mkwapulo umalirira kunsonga. Wofinya amataya mtunda, komanso amachedwa kutseka nkhope ya ndodo. Wogwira molekerera kwambiri ndodo imamugwedezekera pamwamba, n'kuyamba kuigwiranso potsika, nkhope itatembenuka kale. Chofunika ndi kugwira mokhazikika ndi zala zitatu zomalizira za dzanja lamanzere, ndiponso kusasintha mphamvuyo kuyambira potukula ndodo mpaka pomaliza. Kuno zimenezi zimavuta m'chilimwe, pamene chinyezi cha m'nyanja ya Indian chimatulutsa thukuta m'manja. Mpini ukayamba kuterera, munthu amafinya osadziwa. Kansalu kopukutira manja kamathandiza kuposa ndodo yatsopano.

Malamulo onsewa ndi oona, koma mwini dzina la bwalo lija adaswa loyambirira lenilenilo. Papwa Sewgolum, Mmwenye wa kuno ku Durban wochokera m'banja losauka, adayamba ngati wonyamulira azungu ndodo pa bwalo la Beachwood. Popanda mphunzitsi, iye adazolowera kugwira mopingasa: dzanja lamanzere kumunsi, lamanja kumtunda, uku akusewera chakumanja. Mphunzitsi aliyense akadamuuza kuti asinthe. Koma ndi manja omwewo adapambana mpikisano wa Dutch Open mu 1959, atapita ku Ulaya mothandizidwa ndi Graham Wulff, ndipo adaupambananso mu 1960 ndi mu 1964. Kwawo kuno adapambana Natal Open mu 1963, nabwerezanso mu 1965 atagonjetsa Gary Player. Chithunzi chake akulandira mphotho panja pamvula, chifukwa malamulo a tsankho sadamulole kulowa m'nyumba ya kalabu ya Durban Country Club, chidazungulira dziko lonse. Pambuyo pake boma lidamutsekera mipikisano ya azungu, ndipo adamwalira mu 1978 ali mu umphawi.

Kodi munthu wogwira mozondoka adatha bwanji zimenezi? Ine ndimaona kuti adasunga chimene malamulo aja amafuna kuteteza. Mpira sudziwa dzanja limene lili pamwamba. Umangomvera kumene nkhope ya ndodo yaloza ndi liwiro limene yafika nalo. Papwa adaika manja ake malo amodzimodzi nthawi zonse kuyambira ali mwana, mpaka adadziwa bwino lomwe chimene kagwiridwe kake kamachita. Lerolino osewera ambiri otchuka amaika dzanja lamanzere kumunsi akamakankhira mpira kudzenje, pofuna kuti dzanja lamanja lisachite phuma. Chimene chinkaoneka ngati umbuli wa mnyamata wonyamula ndodo chili ndi nzeru yake.

Sindikunena kuti woyamba gofu ku Lilongwe Golf Club kapena ku Lusaka agwire mopingasa. Njira yozolowereka ndi yosavuta kuphunzira, ndipo ambiri imawakomera. Koma anyamata athu onyamula ndodo m'mabwalo a gofu, amene amaphunzira moonera ndi ndodo yobwereka, tisamafulumire kuwaseka kapena kuwathyola manja tisanaone kumene mpira wawo ukugwera. Ngati ukuuluka mowongoka kakhumi motsatizana, kagwiridwe kawo kali ndi chifukwa. Ngati ukukhota, tiyambe tayang'ana mfundo za zala ndi kuuma kwa mikono tisanawauze kuti awonjezere mphamvu.

Inu amene mudagwirapo ndodo ya gofu kumene muliko, kapena mudanyamulirapo ena, tiuzeni: adakuphunzitsani kugwira ndani, ndipo ankati chiyani m'chilankhulo chathu?